Buku Lopanda Chikuto

Ndine mlonda wa pampu, kumathero kwa minda ya nzimbe ku Nchalo,
kumene ngalande imamwa Shire usiku wonse osakhuta.
Anzanga ndi udzudzu, tochi ya mabatire otopa,
ndi buku lopanda chikuto
limene Esinta anasiya pansi pa mphasa atalemba mayeso.

Sindidziwa analilemba ndani,
dzina lake chiswe chinadya kale.
Ndimawerenga chala chili patsogolo
ngati wowoloka dambo ndi ndodo.

M'bukumo muli munthu wa kutsidya kwa nyanja zamchere,
wakuda ngati ine,
ntchito yake kuimba belu pa tchalitchi
chimene iye saloledwa kulowamo.
Akaimba, eniake amafika atatchena,
iye n'kutsala pakhonde ndi galu wa abusa,
kumva nyimbo kudzera m'khoma.
Madzulo amaphika m'chitini,
amayala mbale ziwiri, n'kudya yekha.

Pa mbale ziwirizo ndinatseka buku.
Pampu inkagunda. Mvuu inatsokomola chakumunsi.
Ndinaona bambo anga, a Alufandika,
khukhi wa mzungu wogula thonje ku Chiromo,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akupukuta mipando
imene sanaikhalepo n'kamodzi komwe.
Kapu yawo inali ndi chingwe, yomangirira ku mtengo wa bwemba,
kuti isasochere n'kulowa m'kabati.
Ankadziwa mchere wa pakamwa pa bwana,
tsiku lobadwa la dona, dzina la galu,
dzina la mwana wa galu.
Bwana anakwera sitima n'kupita kwawo
asanatchulepo Alufandika.
Ankangoti boyi
kwa munthu wa imvi, wa zidzukulu.

Kumudzi nako sikunali kwawo.
Mwanunkha sopo, a kwa azungu, khalani uko.
Ndiye ankakhaladi uko,
pa chitsa cha mgwalangwa, ndi chipanda cha uchema,
kulankhula Chisena ndi mtsinje.
Ine ndinali mwana, ndinkayesa n'kuledzera.

Akuti zinatha zimenezo.
Kapena zinatha.
Koma tayang'anani kuseri kwa nzimbe, uko kukuwala,
kuli kapinga womwa madzi a pampu yanga ino
pamene chitsime cha kwathu chinauma mu Okutobala.
Chikwangwani anazula, geti ndi lomwe lija.
Dzulo mkulu wina anadutsa pa galimoto, magalasi otseka,
anadzutsa chala chimodzi pa chiwongolero,
ndipo ine, chitsiru,
ndinasunga chalacho mpaka m'mawa ngati moni.

Ndinamuimbira Esinta ku Bangula, mayunitsi ali pang'ono.
Mwanawe, munthu wa belu uja, zinatha bwanji?
Anaseka. Ababa, ndinaiwala,
koma funso lake ndinakhoza:
fotokozani kusungulumwa, malikisi khumi.
Foni inaduka.

Malikisi khumi.
Bambo anga akanapeza angati?

Masamba omaliza mulibe.
Jofilisi, mlonda wa masana, anapichira chingambwe,
akuti pepala lake n'lofewa, silikanda pakhosi.
Choncho mathero a munthuyo anakwera ndi utsi
cha ku mapiri a Thyolo,
ndipo sindidzadziwa ngati kunabwera wina
kudzadyera m'mbale yachiwiri ija,
kapena ngati tsiku lina anangogwira chingwe
osakoka,
tawuni yonse n'kugona mpaka masana.

Kukucha. Atentha munda wa kumadzulo,
phulusa la nzimbe likugwa ngati nthenga za khwangwala
pa malaya anga, pa tsamba lotsegula,
pa kapinga wa kuseri uko, mosasankha.
Odula akubwera m'mseu, zikwanje pa phewa,
palibe woyang'ana kuno.

Tiyi watsala pang'ono m'botolo, wazizira.
Ndathira wina m'kapu,
wina m'chivundikiro,
ndaika pa njerwa, pambali pa buku.

Nyerere zayamba kale kufika.